Kamba wa amalume



Uthenga utafika kumudzi kuti amalume apuma pa ntchito ku Joni, tonse tinali titadziwa kale kumene ndalama zawo za penshoni zipite, ngakhale panalibe amene anafunsa eni ake. Nyumba yawo ya ku Mangochi inali itaima pa lintala zaka zisanu ndi chimodzi, njerwa zikuda ndi mvula, mbuzi zikugona m'chipinda chimene chinayenera kukhala chochezera. Ana awiri a mlongo wawo wamng'ono anali ku sekondale. Ifenso, tisabise, tinali titawerengera mumtima malata a kalasi yachiwiri ya madrasa yathu, imene ana ake amaphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Munthu akagwira ntchito kunja zaka 34, popuma amabwerera kwawo, amafolera nyumba, amagula chigayo kapena boti, n'kumapezeka pa safu yoyamba mumzikiti. Umo ndi mmene tinazolowerera.

Ndiye kunabwera chithunzi pa WhatsApp. Galimoto yoyera, yaitali, yotupa pamwamba ngati ya linunda, m'mawindo muli makatani a maluwa. Amalume ataima pambali, dzanja lili pa chitseko, akumwetulira ngati mnyamata amene wagula njinga yake yoyamba. Kumeneko amaitchula kuti motorhome: kutsogolo ndi galimoto, kumbuyo ndi nyumba yokhala ndi bedi, sitovu, firiji, chimbudzi ndi posambira. Inali yakale ndithu, ya dizilo, koma titamva mtengo wake tinaona kuti nyumba ya ku Mangochi ikanatha mpaka penti. Mayi athu anangoti, "Achimwene agula kamba." Dzinalo linamata, pakuti kamba ndiye amayenda atasenza nyumba yake. Amalume atalimva anaseka, nati zoonadi, ndi kamba wa paulendo.

Banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti patumidwe munthu akalankhule nawo, galimotoyo igulitsidwe isanatsike mtengo. Anasankha ife, ati poti ndife aphunzitsi, timadziwa kuyala mawu. Tinapempha mnzathu atigwirire kalasi, n'kukwera basi ku Blantyre, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, masiku awiri, mfundo zathu za israaf ndi za udindo wa munthu pa abale ake zili zosanjidwa bwino m'mutu. Munali mkati mwa mwezi wa Sha'ban.

Azakhali anatilandira ndi chimwemwe, anatipatsa madzi, anafunsa za kumudzi mmodzimmodzi. Patapita kanthawi anafunsanso kuti tafika liti. Kenako anatiitana ndi dzina la bambo athu, amene anamwalira tili Fomu 2. Pa makabati a kukhitchini panali timapepala tolembedwa ndi dzanja la amalume: shuga, mbale, mankhwala. Sitovu inali yozimitsidwa ku switchi yaikulu. Usiku azakhali atagona, amalume anatiuza kuti papita zaka ziwiri chiwauzireni madokotala kuti awa ndi matenda a muubongo, aja oiwalaiwala otchedwa dementia, ndipo sabwerera m'mbuyo. Kumudzi sanauzeko aliyense. Chifukwa chake sitinafunse. Tonse tikudziwa dzina limene anthu ena kwathu amapatsa mayi wokalamba akapezeka akuyenda yekha usiku, akulankhula zosamveka, ndipo tikudziwa zimene zimamuchitikira pambuyo pa dzinalo.

"Mayi anuwa ndinawatenga m'mbali mwa nyanja," anatero amalume. "Ndinawauza kuti kuno kuli nyanja ya mchere yopanda tsidya, ndidzakuonetsani. Zaka 34 ndakhala ndikuyendetsa galimoto ya katundu, Germiston, Pretoria, Vereeniging, n'kubwerera. December aliyense ndalama zinkapita kumudzi. Nyanjayo ine ndemwe sindinaione."

Chaka chinacho anali atayesa kukagona usiku umodzi kwa anzawo ku Lenasia. Azakhali anadzuka pakati pa usiku osadziwa kumene ali, n'kulira mpaka kucha. Munthu wodwala chonchi amadalira zinthu zimene anazolowera: khomo likhale pomwe linali dzulo, bulangete likhale lomwelo. Basi, hotela, kapena nyumba ya eni zimamusokoneza. N'chifukwa chake amalume anaimika galimoto ija pabwalo kwa miyezi iwiri, namagonamo ndi azakhali usiku uliwonse, pa mapilo awo akale, ndi makatani amene azakhali anasoka okha manja asanaiwale makina. "Tsopano kunja kusinthe mmene kungasinthire," anatero, "mkatimu ndi mwawo."

Mukhoza kuganiza kuti tinakhala chete. Ayi, tinalankhulabe. Tinali titatumidwa, komanso malata aja anali asanachoke mumtima. Tinati ngati nkhani ndi nyanja, Durban ili pafupi, makilomita osakwana 600, nanga Cape Town ndi wa chiyani, makilomita 1,400, mtunda woposa wochokera ku Nsanje kukafika ku Chitipa? Anayankha kuti dzikoli alitumikira moyo wawo wonse, akufuna alidutse kamodzi kuchokera kuno mpaka kumene lathera. Apa tinaona kuti si zonse zinali za azakhali. Munalinso chilakolako cha munthu wamwamuna amene wakhala akuyendetsa galimoto za eni kupita kumene eniwo afuna. Mpaka lero sitinganene kuti mbali iyi inali yolakwika kapena ayi. Atatimvetsera mpaka kumapeto anati, "A Mwalimu, mwamaliza? Lolemba tikunyamuka. Ndikufuna munthu wondithandiza kuyang'anira mayi anu."

Kamba ali ndi malamulo ake, ndipo amakuphunzitsa mwankhanza. Tisanatuluke mu Johannesburg, pa kona yoyamba yeniyeni, kabati imene ife sitinaitseke bwino inatseguka, ufa ndi usipa wouma umene tinabwera nawo kuchokera kumudzi zinamwazika pansi ponse. Chilichonse chiyenera kutsekedwa ndi kumangidwa galimoto isanasunthe, ndipo gasi wa sitovu atsekedwe ku botolo. Madzi abwino ali mu thanki yake, madzi otsukira mbale amatsikira mu thanki ina, ndipo chimbudzi chili ndi kabokosi kamene kamasololedwa panja n'kukakhuthulidwa pa malo ake okonzedwa. Ntchito ya kabokosiyi inagwera ife, ndipo tinaigwira tikukumbukira maphunziro onse a twahara amene timaphunzitsa ana titavala mkanjo woyera. Magetsi a m'nyumbamo amachokera ku batire lachiwiri, losiyana ndi loliza injini, kuti ukaiwala nyale usiku m'mawa galimoto ilirebe. Usiku umagona pa malo olipira oimikapo magalimoto otere, pamene pali madzi, mabafa ndi polumikiza chingwe cha magetsi. Amalume anali atamata kapepala pafupi ndi chiwongolero kolembapo kutalika kwa galimotoyo kuchokera pansi kufika padenga, chifukwa woyendetsa amaona msewu koma amaiwala nthambi ndi madenga.

Za madzi tinakangana tsiku loyamba lomwe. Ife tinazolowera kupanga udhu pa mjigo, madzi akungotayika. Amalume anatipatsa kapu imodzi nati, "Yesani iyi." Inakwana, n'kutsalako. Tinachita manyazi, pakuti ndife amene timauza ana chaka ndi chaka kuti Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) ankapanga udhu ndi madzi ochepa kwambiri.

Msewu wa N1 umalola liwiro la makilomita 120 pa ola, koma amalume sankapitirira 90. Galimoto yaitali chonchi mphepo imaikankha ngati ngalawa, ndipo thiraki ikamakupitirira umamva nyumba yonse ikugwedezeka, mbale zikulira m'makabati. Tinalipira pa zipata za Grasmere, Vaal ndi Verkeerdevlei, tinadutsa Kroonstad ndi minda ya chimanga ndi mpendadzuwa yosaoneka malire, n'kukagona ku Bloemfontein, makilomita pafupifupi 400 kuchokera kumene tinanyamuka. Pa gawo limeneli palibe zambiri zoti tinene. Azakhali anakhala kutsogolo, lamba ali m'chiuno, akuwerenga zikwangwani mokweza.

Tsiku lachiwiri tinapatuka pang'ono kukaona Gariep, damu lalikulu kuposa onse mu South Africa, pa mtsinje wa Orange, tisanafike ku Colesberg. Azakhali ataona madzi atambalala pakati pa mapiri anaomba m'manja, nayamba kulankhula Chiyao chokhachokha, akutchula madooko ndi mayina a anthu amene ena a iwo ife sitinawamvepo. Anafunsa kuti ngalawa zapita kuti, nanga asodzi sanabwere bwanji. Amalume sanawatsutse. Tinazindikira kuti anasiya kalekale kuwakonza. Anangoti mwina lero kuli mwera.

Swala tinkafupikitsa ndi kuphatikiza monga mmene madh-hab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kwathu timatsata, amalolera munthu wa paulendo wopitirira makilomita pafupifupi 80: Dhuhr ndi Asr pamodzi, rakaa ziwiriziwiri, Maghrib ndi Isha pamodzi. Tinkayala mkeka pambali pa galimoto, kuyang'ana kumpoto mopendekera pang'ono kum'mawa. Azakhali ankaswali atakhala pa mpando mkati. Mayina a ana awo ankawasokoneza, tsiku ndi mwezi sankadziwa, koma Al-Fatiha inkatuluka yonse yosadumpha chilembo. Tsiku lina anaswali Asr katatu, akamaliza n'kufunsa ngati nthawi yakwana. Amalume anatikokera pambali kufunsa maganizo athu. Tinayamba kufotokoza kuti munthu amene nzeru zamuchokera sakakamizidwanso. Anatidula: "Zimenezo ndikudziwa. Ndikufunsa ngati ndiziwaletsa." Tinati ayi, asiyeni.

Kuchokera ku Colesberg dziko limasanduka. Kumeneko ndi ku Karoo: thengo la zitsamba zazifupi zotuwa, timapiri ta mitu yafulati, nkhosa zobalalika, ndi makina opopa madzi ozungulira ndi mphepo. Umayenda ola lathunthu osaona munthu woyenda pansi. Kwa ife obadwira kumene sungayende mtunda wa mphindi zisanu osapatsana moni ndi wina, chete ameneyu ankatiopsa. Masana kunkatentha koopsa, usiku kunkazizira, nyenyezi zili mbwee ngati mchenga.

Ku Beaufort West ndi kumene tinalakwa. Malo athu ogona anali pa mpando wotambasula pafupi ndi chitseko, ndipo pangano linali lakuti chitseko chikhale chokhoma nthawi zonse. M'bandakucha tinatuluka kukakhuthula kabokosi kaja anthu asanadzuke, chifukwa tinkachita nako manyazi, n'kusiya chitseko chongotseka. Pobwerera tinapeza chili pululu. Amalume ali m'tulo, malo a azakhali ali okha, ndowa ya pulasitiki palibe.

Sitidziwa kuti zinatenga mphindi zingati, mwina makumi awiri, mwina kuposa. Amalume anathamangira ku geti opanda nsapato, chifukwa kunja kwa geti kunali msewu wa mathiraki. Ife tinazungulira mabafa tikuitana, mawu akutuluka ngati a munthu wina. Amene anawapeza ndi mlonda wa pamalopo. Anali kumapeto kwa mpanda, ndowa ili m'manja, akufunafuna njira yotsikira kunyanja kukatunga madzi ana asanadzuke. Mlondayo anachita mwanzeru, sanawagwire. Anawatsegulira mpopi wothirira maluwa, nayenda nawo pang'onopang'ono ndowa ili pamutu. Anafika nayo osataya dontho.

Amalume sanatikalipire. Bwenzi zitapepuka akanatero. Anatenga masipuni anayi, anawamanga pa chingwe n'kuwakoloweka pa chitseko kuti azilira chikatseguka, kenako analiza injini. Makilomita pafupifupi 200 ofika ku Laingsburg tinayenda popanda mawu. Msewu umenewu ndi woongoka, wotopetsa, wodziwika ndi ngozi za oyendetsa ogona pa chiwongolero. Ku Laingsburg tinaima kumwa tiyi. Tawuni imeneyi, pakati pa dziko louma chonchi, inakokoloka ndi madzi a mtsinje wa Buffels pa 25 January 1981, ndipo anthu oposa 100 anafa. Tili chiimire pafupi ndi mtsinjewo, umene tsikulo unali mchenga wokhawokha, amalume anati, "Ine anandithawa kawiri kunyumba. Kachiwiri ndinawapeza pa siteshoni ya sitima." Anatipatsira kapu. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Tinatsika mapiri a Hex River, injini ikulira pa giya yotsika kuti mabuleki asapse, ndipo mwadzidzidzi dziko linabiriwira ndi minda ya mphesa. Kupitirira Worcester kuli ngalande ya Huguenot, msewu woboola phiri wa makilomita pafupifupi anayi, umene unatsegulidwa mu 1988. Izi amalume anali asanaziganizire. Mdima utatiphimba azakhali anayamba kukuwa ndi kukoka lamba, ndipo mkatimo simuimika galimoto. Tinatambasula dzanja kuchokera kumbuyo kuwagwira phewa, n'kuyamba kuwerenga ma surah aafupi amene timayambira ndi ana aang'ono. Pa surah yachiwiri anayamba kutsatira. Tinatulukira ku Paarl tikuwerengabe.

Nyanja tinakaionera ku Muizenberg, chifukwa anthu anatiuza kuti madzi a mbali ya False Bay sazizira kwambiri ngati a mbali inayo. Amalume anaimika galimoto, anazimitsa injini, nakhala kanthawi manja ali pa chiwongolero. Azakhali anatsika, anavula nsapato, anakwinya chitenje monga amachitira mkazi aliyense wa kunyanja, nalowa mpaka m'mawondo. Anatunga madzi ndi manja awiri n'kumwa. Anawalavula, natembenuka ndi ukali weniweni: "Ndani wathira mchere m'nyanja?" Amalume anaseka mpaka anakhala pansi pa mchenga wonyowa, ndipo kusekako kunasanduka china chimene ife tinaona kuti si chathu kuchiyang'ana. Tinapita kukatola nsapato. Imodzi ya amalume inali itapita kale, poti nyanja ya mchere imakwera ndi kutsika tsiku lililonse, chinthu chimene ya kwathu sinatiphunzitse.

Tinakhala ku Cape Town masiku asanu. Tsiku limodzi amalume anatimasula kuti tikaone mzikiti wa Auwal mu Dorp Street ku Bo-Kaap, woyamba m'dzikomo, wa mu 1794, umene Imam wake woyamba anali Tuan Guru wa ku Tidore, uja analemba Qur'an kuchokera pamtima ali mkaidi pa Robben Island. Misewu ya kumeneko ndi yopapatiza ndi yokwera, si ya kamba, choncho tinapita pa takisi. Madzulo a 29 Sha'ban tinapita tonse atatu ku Three Anchor Bay, kumene Asilamu a mumzindawo amasonkhana pa kapinga m'mbali mwa nyanja kudikira akuluakulu oyang'ana mwezi, amene amawatcha maankykers. Azakhali anakhala pakati pa amayi osawadziwa, akulandira makeke, ali phee ngati ali pa khonde la kwawo.

Malawi ndi South Africa wotchi ndi imodzi, koma Cape Town ili kutali kumadzulo, moti pa nyengo imeneyo dzuwa limalowa mochedwa ndi ola limodzi ndi mphindi zingapo poyerekeza ndi ku Mangochi. Tsiku loyamba kusala, zithunzi za futari zinayamba kulowa mu foni kuchokera kumudzi ife dzuwa likadali pamwamba pa madzi.

Pobwerera ndi pamene tinakangana zenizeni. Amalume anati asala, ayendetsanso tsiku lonse, monga achitira zaka 34. Tinawakumbutsa kuti ndime 184 ndi 185 za Surat Al-Baqarah zikupereka chilolezo kwa wa paulendo kuti adzabweze masiku ena. Anati chilolezo ndi cha ofooka. Titadutsa Touws River dzuwa lili paliwombo, galimoto inayamba kutsetsereka pang'onopang'ono kudutsa mzere wachikasu wa m'mphepete, mpaka matayala anagunda miyala. Anadzidzimuka n'kuiwongola. Apa tinalankhula mosasankha mawu, mmene sitinalankhulirepo ndi munthu wamkulu: kuti m'galimoto muno muli miyoyo itatu, ndipo mmodzi mwa atatuwo sangathe kudzinenera. Anaima pa malo opumira oyamba. Kumasula anakana, koma anavomera china: kuyambira tsikulo tizinyamuka tikangoswali Fajr, ndipo ikamakwana 11 koloko tiziimika, agone. Nyumba tinali nayo pamsana, panalibe chotithamangitsa. Ulendo umene popita unatenga masiku anayi, pobwerera unatenga asanu ndi limodzi.

Azakhali sankasala, ndipo masana tinkawapatsa chakudya ndi mankhwala. Vuto linali lakuti sankafuna kudya okha. Ankatikankhira mbale, tikakana n'kukhumudwa, ati chakudya chawo tachinyoza. Amalume ankati, "Mayi, ife tidya dzuwa likalowa. Ndi Ramadhan." Nkhope yawo inkawala nthawi yomweyo: "Ramadhan yafika? Nanga osandiuza bwanji?" Ankayamba kufunsa ngati tagula tende, ngati mpunga wa daku ulipo. Patapita ola ankatikankhiranso mbale, ndipo amalume ankawauzanso ndi mawu omwewo, mosatopa, kanayi kapena kasanu pa tsiku, uthengawo n'kumawasangalatsa ngati akuumva koyamba.

Titabwerera kumudzi banja linasonkhana kudzamva za ulendo umene linatituma. Amalume anali atatilola kunena za matendawo kwa mayi athu ndi alongo awo okha. Ena onse tinangowauza kuti galimoto sigulitsidwa. Alipo amene mpaka lero amati a Mwalimu anapita kukalangiza n'kukagulidwa ndi ulendo waulere, ndipo sitiwayankha. Mayi athu analira, kenako anati ngakhale zili choncho achimwene akanayamba afolera nyumba, chifukwa tsiku lina mlamu wawoyo adzafunika pofikira. Sitinapeze poti tiwatsutse. Mbuzi zikugonabe m'chipinda chochezera, ndipo kalasi yachiwiri ikadali pansi pa mango.

Sabata yatha tinaimba foni titamasula swaumu. Azakhali za Cape Town sakumbukira chilichonse. Zigoba za nkhono zimene anatola ku Muizenberg zili m'mbale pa windo la kamba, ndipo amati anatola ali mtsikana. M'nyumba yaikulu masiku ano sagonamo bwino, choncho awiriwo anasamukira pabwalo, masipuni aja akadali pa chitseko. Tisanadule, amalume anafunsa za msewu wa pakati pa Nyamapanda ndi Tete, ngati maenje ake kamba angawapirire, ndiponso mapepala amene galimoto ya nambala ya ku Joni imafunika pa chipata cha Mwanza. Tinati tifufuza ikatha Eid.